Chilumiko cha ku Roma

Lefina wa ku Zemba anaphunzira katekisimu zaka zinayi, ndipo mayankho ankawadziwa kuposa ana a mphunzitsi amene. Ukamufunsa kuti anatilenga ndani, ankayankha funso lisanathe. Koma chaka ndi chaka, Lenti ikafika, aphunzitsi a Bernado ankatsegula buku la anthu oti abatizidwe pa Pasaka, n'kuyang'ana dzina la Lefina mwachisoni, n'kulidula. Mlandu wake unali umodzi wokha, nyanga.

Inali kanyanga ka ng'ombe, kosalala chifukwa cha manja a anthu awiri, mayi ake ndi iye. Kunsonga kwake kunali kabowo. Munthu akabwera ndi mutu wa litsipa kapena msana wouma, Lefina ankatema timphini tiwiri ndi lumo, n'kuvundikirapo nyangayo, n'kuyamwa mpweya pakabowo paja, kenako n'kumata ndi phula limene ankalifewetsa m'tsaya. Nyanga inkagwira yokha n'kukoka magazi. Ntchito imeneyi ndiyo kulumika, ndipo kuyambira ku Zemba mpaka ku Mlolo kunalibe wolumika wa dzanja lopepuka ngati iye. A Bernado ankati zimenezo n'zachikunja, ndipo munthu sangalowe m'madzi a ubatizo ali ndi nyanga m'chiuno.

Musaganize kuti Lefina ankalimbikira ubatizo chifukwa chosirira mpango woyera. Mwamuna wake Agostino anabatizidwa ali kuntchito ku Halale, ndipo atamwalira anamuika kuseri kwa tchalitchi, m'manda a akhristu. M'manda amenewo sankaikamo munthu wosabatizidwa, akhale wabwino chotani. Lefina anakhala ndi Agostino zaka makumi atatu, akukangana za mbuzi, za fodya, za amene waiwala khasu kudimba, ndipo mikangano ina inatsala yosatha. Kuganiza kuti iye adzakagona kutsidya la mtsinje, m'nkhalango ya manda a m'mudzi, Agostino ali yekha kuno, kunkamuwawa mtima kwambiri. Zaka nazo sizinkamudikira. Mawondo anali atayamba kale kumukumbutsa.

Nyangayo anayesapo kuisiya, tisamunamizire. Chaka china anaikwirira m'nkhokwe, pansi penipeni pa chimanga, nakhala milungu itatu ali woyera. Ndiye kunabwera Ebelesi, mkazi wa pakhomo loyandikana, atamanga mutu ndi luzi, misozi ili chuchuchu. Lefina anakwera m'nkhokwe n'kufukula chimanga chonse. Madzulo ake nkhani inali itafika kale kwa aphunzitsi, chifukwa Ebelesi mutu ukamupola pakamwa pake sipankatsekeka.

A Bernado sanali munthu woipa, koma anali ndi matenda amodzi, kukonda Roma. Maina a Apapa ankawatchula motsatana popanda kupuma. Ankadziwa kutalika kwa tchalitchi cha Petulo Woyera ndi kuchuluka kwa mawindo ake, ngakhale kuti kutali kumene anafikako m'moyo wawo kunali ku Fort Jameson. Kwa iwo chinthu chikachokera ku Roma, kaya ndi batani la malaya, chinali choyenera kuchigwadira.

M'mwezi wa Malichi chaka cha 1954, Lolemba lina mvula itangokata, Bambo Ludoviko a kumishoni anaima patchalitchipo ndi njinga yawo yamoto. Ankachokera kupositi ku Fort Jameson, ndipo kumbuyo anamangirira kabokosi kathabwa. Mtsinje unali utadzaza. Amuna anayi anali oti awolotse njingayo pamapewa, ndipo wansembeyo sanafune kuti bokosilo lilawe madzi.

"Aphunzitsi, mundisungire ili," anatero akumasula zingwe mofulumira. "Musamale kwambiri. Muli zinthu zakalekale za ku Roma. Ndidzatenga Loweruka, pobwera kudzayesa anthu a ubatizo."

Njinga isanazimirire n'komwe, a Bernado anali atatenga kale mpeni n'kuyamba kuzula misomali. Iwo anati ankafuna kuona ngati simunalowe chinyezi. Mkatimo, mokutidwa ndi thonje, munali tizitsulo tamkuwa tobiriwira ndi dzimbiri: timipeni tiwiri, kopanira kokhala ndi timano tating'ono, timbedza, kasipuni ka mchira wautali, ndi chinthu china chonga chikho, chamimba yozungulira ndi khosi lopapatiza, chokhala ndi kamphete kumatako kwake. Panalinso kalata, koma inali m'chinenero cha kwawo kwa wansembe. A Bernado sanaione ngati vuto. Zimene kalata inabisa, mtima wawo unawauza.

Lachitatu anaimba chitsulo cha njanji chopachikidwa pamtengo, akhristu n'kusonkhana. Paguwa panali patayalidwa nsalu yoyera, tizitsulo tija titandandalikidwa bwinobwino, maluwa uku ndi uku. Aphunzitsi anavala jekete. Anafotokoza kuti kasipuniko n'kotungira lubani, timbedzato n'ta asodzi a ku Galileya, ndipo chikhocho, apa anatsitsa mawu, sakunena motsimikiza, koma n'kutheka kuti anamwera Petulo Woyera mwiniwake.

Mkulu wina dzina lake Yoweli, amene anali ndi chizolowezi choipa chofunsa mafunso, anakweza dzanja.

"Aphunzitsi, nanga chikho chake bwanji chilibe pokhalira? Mukachiimika chikugubuduka."

"Atumwi analibe nthawi yokhazika chikho pansi," anayankha a Bernado. "Anali anthu a paulendo."

Anthu anavomera ndi mitu, n'kuyamba kupita kutsogolo mmodzimmodzi kukagwada. Osabatizidwa anauzidwa kuti aonere patali. Lefina, ali kumbuyo pafupi ndi chitseko, anangoona tinthu tobiriwira ndi misana ya anzake.

Loweruka linali tsiku la mayeso, komanso inali nthawi ya Lefina yozira m'tchalitchi. Analawirira ndi dothi lake m'chiphika kuti wansembe akafika masana apeze pansi pouma. Atalowa anamva kubuula. A Bernado anali chagada pabenchi lakutsogolo, jekete atatsamira, maso ali tsinzinu, dzanja limodzi litagwira chikho chija pamphumi. Mutu unali utawagwira kuyambira Lachinayi. Asipulini anali atatha, ndipo pemphero la m'mawa uja linali lisanayankhidwe.

"Pepani, aphunzitsi. Ndi litsipa?"

"Zirani, amayi. Za mutu wanga zisiyeni."

Lefina anatula chiphika. Koma munthu wozira amayambira kuguwa, ndipo kuguwako n'kumene kunali nsalu yoyera ija. Anayang'ana kamodzi, n'kuyang'ananso. Kenako anapukuta manja pachitenje n'kuwerama. Kampeni kamodzi kanali ndi msonga yozungulira ngati tsamba la nsawawa, kampeni kosayenera kusendera mbatata kapena kuphera nkhuku. Kopanira kaja timano take tinkalumana ndendende. Lefina anamva zala zake zikuyabwa. Zinthu izi anali asanazionepo chibadwire, koma ankazidziwa monga mmene mlimi amadziwira khasu ngakhale lasulidwa kudziko lina.

Anatembenukira kubenchi.

"Aphunzitsi, tandibwerekani icho mwagwiracho."

"Simunabatizidwe."

"Ndingoona mlomo wake. Mugwire ndinu."

A Bernado anachitembenuza monyinyirika. Lefina anayendetsa chala m'mphepete mwake. Mlomowo unali wopindidwa bwino, wosalala, woti sungacheke khungu. Amene anasula chinthu chimenechi ankadziwa mnofu wa munthu.

"Ichi si chikho, aphunzitsi. Ichi n'chilumiko."

A Bernado anadzuka n'kukhala tsonga, mutu n'kuwabaya, n'kugonanso.

"Amayi, lero ndi tsiku la mayeso anu. Muzisankha mawu."

"Ndikusankha. Ako kampeniko n'kotemera. Ako n'kozulira minga, mwinanso mitu ya mivi. Timbedza ito n'tokokera khungu la chithupsa kuti uone mkati. Kasipuniko sindikudziwa, kaya n'ka m'khutu. Koma ichi ndiye musandiuze, n'chilumiko."

"Chilumiko chopanda bowo? Muyamwira pati?"

Funso limenelo linamugwira Lefina. Anachiyang'ana uku ndi uku, bowo panalibedi. Ndiye anakumbukira Agostino, mmene ankafotokozera za kukomboni ku Halale, kumene kunalibe nyanga za ng'ombe. Amuna kumeneko ankatenga tambula, n'kuponyamo kapepala koyaka, n'kuivundikira pamsana pa mnzawo, tambula n'kugwira yokha. Nthawi imeneyo Lefina anamuuza kuti akunama, ndipo anakangana mpaka chakudya kuzizira. Tsopano, patapita zaka zonsezi, anaona kuti mwamunayo ankanena zoona, ndipo zinamunyansa pang'ono.

"Sayamwa," anatero. "Amaikamo moto. Inu mwaika pamalo pake penipeni, aphunzitsi, koma mwaiwala moto."

A Bernado anangobuula. Lefina anawayang'ana, mitsempha ya m'mbali mwa maso ikugunda moonekera, ndipo anamva zomwe ankamva nthawi zonse munthu akamavutika pamaso pake. Anadziwa bwino kuti lero si tsiku losewera ndi aphunzitsi. Anadziwanso kuti sangathe kuzira chipinda chonsecho munthu akubuula kumbuyo kwake.

"Chabwino, ndalakwa ine," anatero mofatsa. "N'chikho choyera. Nanga chinthu choyera chingakhale tchimo? Nyanga yanga ili kunyumba, sindiigwira. Tingoikamo kamoto, monga mmene mumayatsira kandulo."

Mutu ukamawawa tsiku lachitatu, mfundo zolimba zimayamba kufewa. A Bernado anatsegula diso limodzi n'kuyang'ana kuchitseko. Kunja kunalibe munthu.

"Koma musateme."

"Sinditema."

"Ndipo Ebelesi asamve."

Lefina anatapa kathonje m'bokosi muja, n'kutenga machesi a paguwa. Anayatsa, n'kuponya m'chikhomo, ndipo lawi lisanazime anachivundikira pamphumi pa aphunzitsi. Chinagwira nthawi yomweyo. Chinagwira kuposa nyanga iliyonse imene Lefina anaigwiritsapo ntchito, moti nsidze za a Bernado zinakwera m'mwamba, nkhope yawo n'kukhala ya munthu wodabwa. Lefina anachotsa dzanja, chikho n'kutsala chili njo pamphumi. Anabwerera m'mbuyo pang'ono kuti achione bwino, ndipo mumtima anawapatsa ulemu anthu a ku Roma.

Apo m'pamene anamva kulira kwa njinga yamoto. Mtsinje unali utaphwa, ndipo Bambo Ludoviko sanaone chifukwa chodikirira masana.

"Chotsani," ananong'ona a Bernado. "Amayi, chotsani msanga."

Dzanja la Lefina linapita lokha kunsonga kukamatula phula, monga linkachitira zaka makumi anayi. Linapeza kamphete. Phula panalibe, bowo panalibe, ndipo Agostino m'nkhani yake ija sanafike pofotokoza mmene tambula ankaichotsera, chifukwa mkazi wake anamudula mawu. Lefina anakoleka chala m'kamphetemo n'kukoka. Mutu wa aphunzitsi unatsatira. Anakoka kwambiri, aphunzitsi n'kudzuka pabenchi. Anabwerera chafutambuyo akukoka, aphunzitsi n'kumamulondola chowerama, manja ali m'mwamba, ndipo anali atadutsa mabenchi atatu pamene chitseko chinatseguka.

Bambo Ludoviko anaima pakhomo, chipewa chili m'manja, matope mpaka m'mawondo. Anaona mphunzitsi wawo akukokedwa ndi mayi wokalamba ngati ng'ombe yokana kulowa m'dibi. Anayenda n'kufika pomwepo, n'kudinikiza chala chachikulu pakhungu m'mphepete mwa mlomo wa chikhocho. Mpweya unalowa ndi kaphokoso kochititsa manyazi, chikho n'kugwera m'dzanja lawo. Pamphumi pa a Bernado panatsala chotupa chozungulira bwino, chachikulu ngati chitumbuwa.

Aphunzitsi anayamba kulankhula mawu ambiri nthawi imodzi. Anati iwo anali kudwala, anali asakudziwa bwino zimene zikuchitika, mayiyu anawanyengerera, wadetsa chikho cha Mtumwi ndi zachikunja zake. Lefina anagwada pansi pomwe anali asanazire paja. Sanadziteteze. Anaona kuti zake zathera pomwepo, osati za chaka chino chokha, ndipo anachita mantha enieni.

Wansembeyo anayang'ana paguwa, nsalu yoyera, maluwa, timbedza tondandalikidwa. Anayang'ananso chitumbuwa chija. Anakhala pabenchi, n'kuphimba nkhope ndi chipewa, mapewa n'kuyamba kugwedezeka. Anaseka mpaka kutsokomola. Atapukuta maso anafunsa kuti, "Chikho cha Mtumwi uti?"

"Petulo Woyera, Bambo. Ndinati n'kutheka. Sindinatsimikize."

"Aphunzitsi, Roma analipo Papa asanakhaleko. Izi ndi zida za dokotala. Mwini wake ankapembedza milungu yamiyala, ndipo sindikhulupirira kuti anamvapo dzina la Petulo." Anatembenukira kwa Lefina. "Anakuuzani ndani za moto, amayi?"

"Malemu amuna anga, Bambo. Koma zoti n'chilumiko ndinaona ndekha."

"Ananenanso kuti timbedza ta asodzi n'tokokera zithupsa," anatero a Bernado, akuyembekeza kuti mwina apa pokha apambana.

"Akhoza," anatero wansembe. "Nanga aka?" Ananyamula kopanira.

Lefina anafotokoza, poyamba ndi mawu a pansi, kenako n'kuiwala kuti ali pamlandu. Anasonyeza mmene kampeni kaja kangagwiridwire, ndi chifukwa chake chogwirira chake chili chopyapyala kumapeto, kuti dokotala akacheka atembenuze n'kupatula mnofu popanda kuwonjezera bala. Pa kasipuni anavomera kuti sakudziwa. Bambo Ludoviko anati kameneko n'kotungira mankhwala, ndipo mchira wakewo ndi wofufuzira kuya kwa chilonda. Lefina anagwedeza mutu ngati munthu amene wamva nkhani yabwino ya mnzake wa ntchito.

Wansembe anafotokoza kuti bambo awo anali dokotala kwawo, ndipo ankakonda kusonkhanitsa zida za madokotala akale. Anamwalira mwezi wa Novembala, ndipo bokosili ndilo gawo limene abale anawatumizira. Ananenanso kuti anthu a ku Roma anali ndi zilumiko za mitundu iwiri. China chinali chamkuwa, cha moto. China chinali cha nyanga, chokhala ndi kabowo kunsonga, choyamwa ndi pakamwa n'kumata ndi phula.

"Phula la njuchi?" anafunsa Lefina.

"La njuchi."

Lefina anayang'ana a Bernado.

"Nanga bambo anu anazipeza bwanji, Bambo?" anafunsa aphunzitsi ndi mawu ofooka, pofuna kusintha nkhani.

"Anagula kwa anthu amene anazifukula. Madokotala ena a nthawi imeneyo ankaikidwa m'manda pamodzi ndi zida zawo."

A Bernado anakweza dzanja pang'onopang'ono n'kugwira pamphumi. Anali atagwaditsa mudzi wonse pamaso pa katundu wa m'manda, n'kumuikira maluwa, ndipo m'mawa wonse anali atagona ndi chiwiya cha wakufa pankhope. Anakhala pansi osayang'ana ngati pali benchi. Mwamwayi linalipo.

Lefina zinamukhudza mwanjira ina. "Ndiye kuti mnzathuyo anamulanda zonse? Watsala chimanjamanja?"

"Patha zaka pafupifupi zikwi ziwiri, amayi."

"Ngakhale zitero. Si bwino." Anayang'ana tizitsulo tija. "Koma abale ake anali anthu. Anadziwa kuti munthu sasiyana ndi chida chake."

Bambo Ludoviko anayamba kukulunga tizitsulo tija m'thonje, kamodzikamodzi. Nkhope yawo inali itasiya kuseka.

"Amayi Lefina, dzina lanu ndimalimva chaka ndi chaka. Ndikufunsani ngati wansembe tsopano. Mukamalumika, mumanena mawu?"

Lefina anadziwa kuti mayeso ake enieni ndi amenewa. Akanatha kunena kuti iyayi. Palibe amene akanamutsutsa, chifukwa mawuwo sankatuluka pakamwa. Koma munthu amene wayankha zaka zinayi kuti bodza ndi tchimo sangaliyambire pamaso pa guwa.

"Ndimanena, Bambo. Mumtima. Ndimati, amayi, ndigwireni dzanja."

"Mwamva, Bambo," anatero a Bernado, koma mopanda mphamvu. "Mizimu."

"Mumawathirira nsembe? Ufa, mowa?"

"Iyayi. Amayi sankamwa mowa. Ndimangowakumbuka. Ndiwo anandiphunzitsa, ndiye dzanja likamanjenjemera ndimawatchula."

Wansembe anayang'ana chala chawo chachikulu kwa kanthawi. "Ndili mwana, bambo anga anandiika chilumiko ichi pamkono kuti ndione mmene chimagwirira, n'kundisonyeza podinikiza. Lero polowa pakhomo apo sindinaganize. Chala chinapita chokha, ndipo ndinawatchula." Anatseka bokosi. "Ine sindikuonapo chikunja. Ndikuonapo lumo, ndipo lumolo muziliwiritsa m'madzi musanateme munthu. Wodwala kwambiri muzimutumiza kuchipatala. Koma buku ndi lanu, aphunzitsi. Anthu anu mumawadziwa ndinu, ndipo sindilemba dzina limene inu mwalikana."

A Bernado anapita kukatenga buku, akuyenda ngati munthu amene wakalamba m'mawa umodzi. Analitsegula pamaondo. Pensulo inali m'dzanja, koma sinkayenda. Lefina anawayang'ana, ndipo poyang'anapo maso ake anapita pachotupa paja, n'kuona kuti mitsempha ya m'mbali mwa maso yasiya kugunda. Funso linatuluka lokha, funso limene ankafunsa munthu aliyense akamatula nyanga.

"Mutu uli bwanji, aphunzitsi?"

Anazindikira mochedwa kuti wafunsa pa nthawi yoipa. A Bernado anapendeketsa mutu kumanja, n'kuupendeketsa kumanzere. Anaugwedeza pang'ono, akufunafuna ululu uja ndi mtima wonse. Kaya chinauchotsa ndi chilumiko, kaya ndi mantha a njinga yamoto, ine sindikudziwa, ndipo madokotala angakangane okha. Chimene ndikudziwa n'chakuti a Bernado akanatha kubuula kamodzi kokha, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma nawonso anali munthu wa katekisimu yemweyo.

"Wasiya," anatero mokwiya.

Analemba dzinalo ndi zilembo zazikulu, akudinikiza mpaka pensulo kuboola pepala. Kenako anayamba kuika malamulo, chifukwa munthu ayenera kutsala ndi kanthu. Lamulungu asalumike. Lachisanu Loyera asalumike. Za lero zisatuluke m'nyumba ino, ndipo wofunsa za pamphumi auzidwe kuti ndi mavu. Lefina anavomera zonse, ngakhale ankadziwa kuti ku Zemba kulibe mavu oluma mozungulira chotero.

Wansembe atatuluka kukamangirira bokosi panjinga, Lefina anatsala chogwada. Chimwemwe chinali chitamufika, koma chinabwera ndi nkhawa ina imene anali asanaiganizepo, chifukwa kale inali kutali. Kumanda munthu sapitako popanda maliro, ndipo pamaliro a akhristu iye ankaima kumbuyo, kunja kwa mpanda, pamodzi ndi osabatizidwa anzake. Chaka chathachi chokha anaikako anthu asanu.

"Aphunzitsi, ndifunse chimodzi. Pafupi ndi a Agostino, malo akadalipo?"

A Bernado anali akupinda nsalu ya paguwa, atamufulatira.

"Alipo. Kudzanja lamanja."

"Mukunena zoona? Anthu achuluka kumeneko."

"Ndati alipo. Mabanja awiri anawapempha, ine ndinakana. Ndinakhomapo chikhomo cha mlombwa, ndipo ndimapalira ndekha."

"Munakhoma liti?"

Aphunzitsi anapinda nsalu ija kawiri, n'kuipindanso kachitatu pomwe sipankafunika.

"Chaka choyamba chimene ndinadula dzina lanu," anatero. "Ndinkadziwa kuti tsiku lina mmodzi wa ife adzatopa. Ndinkayesa kuti mudzakhala inu."

Lefina anakokera chiphika chake pafupi, n'kutapa dothi, n'kuyamba kuzira kuyambira kuguwa, misozi ikugwera m'dothimo. A Bernado anaima pang'ono, kenako anayamba kumusunthira mabenchi.